Sipika Tinaichotsa Mumtsuko

Ulongwe,
Balaka.

Wokondedwa mlongo wanga Abdulwahab,

Asalamu aleikum. Ndikufunsa moyo wako kumeneko ku Joni, kaya wadzuka bwanji, kaya ukudya, kaya ukugona pabwino. Ife kuno Mulungu akutisunga. Mwana wanga Shamim malungo aja anamusiya, wayambanso kupita kusukulu ngakhale akadali wowonda. Alamu ako a Latifu ali bwino, akupitabe kunyanja ya Chiuta kukagula nsomba, koma ndi mvulayi nsomba sizikuuma, zambiri zikumafika kuno zitayamba fungo. Chimanga cha kumtunda chili bwino. Cha kudambo chamira.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndikaimba suyankha, umangotumiza mawu ojambula. Komanso amayi masiku ano sachoka pambali panga. Makutu anatseka koma maso akuona, ndikangogwira foni amayang'ana pakamwa panga. Ndiye ndabisala kukhonde la kuseri kulemba izi, ndipo ndipatsira a Elliam amene akubwerera kumeneko pa basi.

Nkhani ndi ya sipika ija unatumiza kuti amayi azimvera mawu ako. Uwerenge mpaka kumapeto, usaipinde pakati.

Itangofika inkagwira bwino. Tsiku loyamba amayi atakumva anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, n'kumakuyankha ngati uli m'kabokosimo. Ankakukalipira kuti usamayende opanda juzi, kumeneko kumazizira. Ndikawauza kuti sukuwamva, ankati umamva ndithu, kungoti unayamba kalekale kusamvera. Masiku amenewo mtima wanga unakhala pansi.

Kenaka a Latifu anayamba nzeru zawo. Ukuwadziwa alamu ako, chinthu chikamagwira bwino manja awo amayabwa. Anati kabokosi kameneka kakuipanikiza sipika, mawu amafuna malo. Anamasula kabokosiko ndi mpeni, n'kutulutsa sipika yozungulira ija, n'kuimangirira ndi malegeni pakamwa pa mtsuko wakale wa amayi, monga amachitira anyamata oonetsa vidiyo. Mawaya anangowatalikitsa kuti afike ku kabokosi komwe kali ndi mabatani. M'kati munali zinthu zoyera ngati thonje, anazitaya kudzala, amati ndi zinyalala zolongedzera.

Kunena zoona, nyimbo zinkagunda. Mbale zinkanjenjemera m'dengu, anthu odutsa panjira ankafunsa ngati pakhomo pali ukwati. A Latifu ankayenda chifuwa patsogolo. Ine ndinali ndi kamantha, koma ndikanena amati ndine wamantha chibadwire, ngakhale nkhuku ikayetsemula ndimafuna kuitengera kuchipatala.

Ndiye poti amayi samva, voliyumu tinkakweza mpaka pamapeto, ya pa sipika ndi ya pa foni yomwe. Tinkaganiza kuti munthu wogontha umangomuwonjezera basi.

Pang'ono ndi pang'ono mawu ako anayamba kusweka. Ukati amayi, kumatuluka phwerere, ngati munthu akulankhulira m'chitsime ali ndi nsalu pakamwa. Mvula itayamba, mitambo tsiku lonse, sola osadzaza batire, zinaipiraipira. Sipika inkayamba ndi kubangula, kenaka n'kumanjenjemera ngati lata lomasuka pa mphepo. A Latifu anawonjezera malegeni. Sizinathandize. Anati vuto ndi foni yanga, tinabwereka ya aneba, zinali chimodzimodzi.

Tsiku lina masana ndikuwaikira mawu ako atsopano, amayi anakweza dzanja kuti ndizimitse. Anati mwana anabereka okha, mawu ake angawazindikire ngakhale pakati pa msika, ndipo uyu akulankhula mumtsukomu si Abudu iyayi. Anati ndiwauze kuti unamwalira liti, ndiwauzenso kuti munthu ameneyu tamupeza kuti woti azinamizira mwana wawo.

Poyamba ndinaseka, ndimayesa akucheza. Nditaona nkhope yawo ndinalumbira. Sanandimvere.

Ukumukumbukira Mohamedi, mwana wa a Maryam a patsidya pa msewu? Uja anamwalira kumeneko chaka chatha, n'kuikidwa tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chathu. Abale anagwirizana zowabisira a Maryam chifukwa cha BP yawo, n'kumawauza kuti mwana foni anamubera. Anawabisira mpaka nthawi yokolola. Amayi athu anali m'gulu la obisawo, ankapita kukacheza nawo n'kumawalimbitsa mtima kuti mwana wanu ali bwino. Ndiye akuti njira zake akuzidziwa zonse, ine ndisawaphunzitse.

Ndinapempha a Maryam kuti abwere adzawalankhule, poganiza kuti mnzawo amumvera. Ndinawaikira mawu ako onse awiri ali pa mkeka. A Maryam anamvetsera phwerere uja, n'kuweramitsa mutu. Anati iwo sakudziwa, koma nawonso anthu ankawalumbirira chomwechi. Anagwirana manja n'kuyamba kulira onse. Ndinachita kuwaperekeza a Maryam ndisanawapatse n'komwe madzi.

Ndinawaonetsa amayi chithunzi chako chija wavala jekete yofiira. Anati chithunzi sichifa, ngakhale cha bambo athu chilipo m'nyumba muno. Ndinakupempha kuti uimbe ya vidiyo akuone nkhope, iwe unati netiweki ikuvuta. Ndinapemphanso, unati uli kuntchito. Nanga ine ndikanawauza chiyani?

Kuyambira pamenepo amayi kudya anasiya. Phala amangolawa n'kukankha mbale. Mankhwala awo ndimawapeza pansi pa mkeka. Manja aja unkawadziwa atsala mafupa, chibangili chikumatsika chokha mpaka m'zala. Akagona masana ndimaima pakhomo kuyang'ana ngati chitenje chikukwera ndi kutsika.

Choopsa kwambiri n'chakuti anaitanitsa amalume a Hassani n'kuwauza kuti akonze sadaka yako. Anati mwana wawo sangagone m'manda a eni popanda dua, pemphero la kwawo, ngati munthu wopanda mtundu. Anatulutsa okha mpunga uja tinasungira Idi n'kuyamba kupeta pakhonde. Abudu, sadaka ya munthu wamoyo! Anthu adye mpunga, ashehe awerenge dua ya omwalira, iwe ukuyenda ndi miyendo yako? Nanga ikakuitanira imfa? Amalume anayesa kuwazengereza, koma anandiuza pambali kuti mlongo wawo amamudziwa, akapanda kukhulupirira kuti uli moyo pofika Lachisanu apita yekha kwa ashehe ngakhale chokwawa.

Ndi pamene ndinasenza mtsuko pamutu, kabokosi ndi batire m'chikwama, ulendo wa kwa a Mike, okonza mawailesi ndi mafoni pafupi ndi pomwe pamaima maminibasi. Oitanira anandiseka, wina anakuwa kuti mayi, thobwa lanu lamera mawaya.

A Mike atauona mtsuko anagwira pakamwa. Anafunsa kuti injiniya wake ndani, akufuna amulembe ntchito. Nditati ndi bambo a kunyumba, anati basi ndisakawauze kuti anaseka, chifukwa nsomba amagula kwa iwo. Atamasula malegeni, mphemvu zinatuluka mumtsuko zikuthamanga pa tebulo ponse. M'kati munali chinyontho. Anandionetsa pepala lakuda lija la pa sipika, linali litang'ambika m'mphepete, kwina mphemvu zitadya.

Kenaka anandipatsa mpando n'kundifotokozera mofatsa. Anati pepalalo ndi limene limakankha mawu, likang'ambika limangodzimenya lokha, ndiye phwerere uja. Anati mtsuko umakuza kugunda kwa ng'oma koma umameza mawu a munthu. Ndipo nkhalamba ikayamba kugontha, chimene imayamba kutaya ndi mawu opyapyala, ndiye ife tinkawathira amayi chiphokoso chimene akumva kale n'kuwamana chimene akusowa. Za batire anati ikakhala yofooka iwe n'kukweza voliyumu mpaka pamapeto, zili ngati kuuza munthu wanjala kuti akuwe, mawu amatuluka oduka.

Anayesa kumata pong'ambikapo ndi guluu ndi kansalu kopyapyala. Phokoso linachepa koma silinathe. Anati mpaka aitanitse ina ku Balaka. Ndinabwerera ndi mtsuko wokha, ndinapeza amayi akupetabe. Mutu wanga sunapume. Nanga ku Balaka ikakasowa? Nanga wotumidwayo akabweretsa yosakwana m'kabokosi? Nanga a Mike akadwala, kapena akapita kumaliro? Ndiwo za tsiku limenelo ndinathira mchere kawiri.

Mawa lake nditabwerera kwa a Mike ndinapeza sipika yatsopano yabwera. Anaiika m'kabokosi kake, n'kumanga zomangira zonse kuti pasakhale pogwedera kapena potuluka mpweya. M'malo mwa zoyera zija anaikamo thonje, anati ntchito yake ndi kuletsa mawu kuti asamawombane m'katimo. Batani la besi, la kugunda kuja, analibweza m'mbuyo, la mawu opyapyala analikweza pang'ono. Pa batani la voliyumu anadonthezapo penti wa zikhadabo, anati malire ndi amenewa, wodutsa apa ndimudule chala ngakhale akhale mwini nyumba. Anatinso ndisamaiike pa sutikesi yachitsulo, ndiziika pa nsalu yopinda, pafupi ndi khutu la amayi limene likumvako, ndipo batire ndiziyamba ndaitchaja.

Poyesa ndinasankha mawu ako akale, a pa Idi yathayi, aja unkadandaula kuti mbuzi za kumeneko zilibe kukoma. Abudu, unatuluka iwe weniweni. Ngakhale kaseko kako ka m'mphuno kaja kanamveka. Ndinalira pamaso pa anthu, a Mike n'kumati ndisunthe pang'ono ndisanyowetse mafoni a makasitomala.

Kenaka ndinaika atsopano, a sabata ino.

A Mike anakwinya nkhope. Anabwereza. Anagwira kabokosi ndi dzanja kuona ngati pali pogwedera. Anachotsa foni n'kuilumikiza ku sipika yawo yaikulu ya mu shopu, n'kumveranso. Kenaka anazimitsa. Nthabwala zinathera pomwepo. Anati mayi, ntchito yanga ine ndamaliza, izi zatsalazi si za sipika iyayi.

Nanenso ndinali nditamva. Mawu ako asasa. Ukungonena pang'ono n'kuima kukoka mpweya, ndipo mpweyawo ukulira ngati kamluzu. Chifuwa chikangoyamba umadula, n'kuyambanso kujambula kwina. N'chifukwa chake mauthenga ako masiku ano ali afupiafupi, ine n'kumati ndi kutanganidwa. Kumbuyo kukumveka mayi wina akuitana mayina a anthu mmodzimmodzi. Mwina ndi kuntchito, sindikudziwa. Koma ine kuitana kotere ndimakumva ndikakhala pa benchi ya kuchipatala.

Nthawi yonseyi tinkanyoza sipika. Phwerere uja anali atakuphimba, ife osadziwa kuti pansi pake pali munthu wodwala.

Panjira ndinayenda ngati woledzera. Ndinakhala pansi pa mlambe kuganiza. Amayi ndikawaikira mawu akale okha, anena kuti ndi mawu a munthu wakufa, anawaloweza kale pamtima. Ndikawaikira atsopano, amva zimene ndamva ine. Ndikasiya osawaikira chilichonse, Lachisanu lili pakhomo. Ndinafika poganiza zotembenuka, ndikawapemphe a Mike kuti aibwezere mmene inalili.

A Latifu nditawauza sanatsutse za mtsuko. Anati tiwaikire akale okha, zinazo tiziona pambuyo. Amalume anati iyayi, zobisa zija ndi zimene zatifikitsa pano, mwana ndi wawo, amve okha.

M'mawa ndinawakhazika amayi pa mkeka, kabokosi pa chitenje chopinda, kukhutu la kumanja. Ndinayamba ndi a pa Idi. Anamvetsera osagwedezeka, n'kunena kuti ameneyo ndi Abudu, koma wakale. Ndiye ndinaika a sabata ino, aja ukufunsa ngati Shamim wachira ndiponso ngati kudambo madzi alowa.

Anaika dzanja pa kabokosi. Anati mwanangu, motsitsa, ngati akuopa kukudzutsa. Anafunsa ngati za malungo a Shamim ndinakuuza ndine, ndinati eya. Anati ndiye kuti ali moyo. Anatembenukira kwa amalume n'kuwauza kuti za kwa ashehe zilekeke.

Ndinathamanga kukaphika phala. Ndikubwera nalo ndinapeza akuuza a Latifu kuti abwerezenso, khutu atagunditsa pa kabokosi, maso atatseka. Anabwereza kangapo. Kenaka anandifunsa ngati ndikukumbukira mmene bambo athu ankapumira mwezi umene anatisiya. Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke. Ine ndikukumbuka. Ndi momwemo, Abudu.

Phala lija silinadyedwe. Mpunga ndinati ndiubwezere m'thumba, tiziphika, anakana. Anati ndiumange bwino ndiuike pamwamba, munthu asaukhudze, ukhoza kufunika posachedwa.

Ndiye ukuona pamene ndili. Ndinkaganiza kuti sipika ikakonzedwa amayi adya. Yakonzedwa, ikulankhula bwino kuposa tsiku limene inafika, koma amayi akuthera pa mkeka ine ndikuona. Tsiku lonse amakhala kabokosi kali pambali, batire ikatha amandituma ndikatchaje kwa aneba. Nyimbo m'nyumba muno zinatha. A Latifu ngakhale kulikhudza batani sakulikhudza.

Ndikupempha, mlongo wanga, undiuze zoona. Ukudwala chiyani? Chinayamba liti? Kuchipatala anakuuza zotani, mankhwala ukumwa? Akukuphikira ndani? Ukagwa m'chipinda chako, ndani angadziwe? Anzako aja umakhala nawo ndi anthu oti angaimbe foni kuno, kapena nawonso adzakhala pansi n'kugwirizana zotibisira?

Ngati ndi mapepala ako okhalira kumeneko kutha, bwera choncho, ena abwera choncho. Ngati ndi manyazi oti ufika wopanda katundu, ife katundu sitikumufuna, watikwana. Ngati ndi chifuwa chachikulu, mankhwala ake kuno aliko ndipo anthu akuchira, a Godfrey a kabaza anadwala chomwecho, pano akupalasa njinga atanyamula anthu. Ngati ndi matenda ena amene ukuopa kutchula, ine ndine mlongo wako, ndinakubereka kumsana amayi ali kumunda, palibe chimene ndingakukane nacho. Chipinda chako chilipo, denga tinakonza, sichikudonthanso.

A Elliam akuti akubweranso kuno kumapeto kwa mwezi, ndipo akhoza kukhala nawe pafupi m'basi, kukuyang'anira panjira. Ndawagwadira, avomera. Chatsala ndi iwe.

Ine ndatopa, Abudu. Ndikayang'ana pa mkeka, amayi. Ndikayang'ana pa foni, iwe. Foni ikalira mtima umachoka, ikakhala chete mtima umachokanso. Ndikuopa kuti ndikutayani nonse awiri mvulayi isanathe, wina ndikumuona ndi maso, wina osamuona.

Kalatayi ikangokupeza, ujambule mawu tsiku lomwelo. A Mike akuti ulowe m'chipinda mopanda phokoso, foni usaigunditse pakamwa, uigwire patali pang'ono, ndipo ulankhule mmene umalankhulira, osadzikakamiza kukuwa. Unene tsiku limene ukwere basi. Amayi akuti phala adzadya akamva tsikulo.

Andipatsanso mawu awa oti ndikuuze ndikapeza njira, ndipo ati ndisasinthe. Ati chifuwa chikayamba usadule. Utsokomole mpaka chithe, foni ikujambulabe. Iwo akufuna achimve chonse, adziwe pamene chafika.

Allah akusunge, akuchiritse, akutsegulire njira ya kwanu. Amalume a Hassani akupereka moni, a Latifu nawonso, ndi ana onse. Undiperekere moni kwa anyamata a kwathu kuno amene uli nawo kumeneko, ndipo uwauze kuti ndawapempha akunyamulire chikwama mpaka pa basi.

Ndine mlongo wako,
Habiba.